Lipoti la Magetsi a Sola Amene Ankazima 8 Koloko Usiku Pamsika Wina wa Kumpoto kwa Chipata

Chimene anandiitanira

Komiti yoyang'anira magetsi a sola pamsika wina wa kumudzi, cha kumsewu wa ku Lundazi, inandiitana m'chilimwe cha 2024. Dandaulo lawo linali lakuti magetsi amazima tsiku lililonse ikangokwana 8 koloko usiku, mwinanso isanakwane, ndipo sabweranso mpaka dzuwa litakwera. Ine ntchito yanga ndi yoika ndi kukonza zipangizo za sola m'chigawo chino cha Kum'mawa. Dzina la mudziwo, la kampani imene inaika zipangizo ndi la bungwe limene linapereka ndalama sinditchula, chifukwa vuto lawolo ndimalipeza m'malo ambiri.

Mlandu anali ataugamula kale ndisanafike. Ankati masola atha mphamvu, pakufunika kugula ena. Eni magolosale anali atasiya kulipira, ati sangalipire mdima. Wometa tsitsi anali atabwerera ku kabatire kake ka galimoto. Ndalama zitayamba kuvuta, mnyamata amene ankasamalira pamalopo anasiya n'kupita kukachita geni ku Mwami.

Chaka chimenecho mdima unali dziko lonse. Mvula inadula, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Panthawiyo magetsi a Zambia oposa 80 peresenti ankachokera ku madzi: Kariba North Bank ya mamegawati 1,080, Kafue Gorge ya kumtunda ya 990 ndi ya kumunsi ya 750, Itezhi-Tezhi ya 120. Bungwe la Zambezi River Authority linaloleza madzi okwana makyubiki mita 16 biliyoni okha kuti Zambia ndi Zimbabwe agawane popanga magetsi chaka chonsecho, ndipo chaka chisanathe anthu a m'matauni ankakhala maola ofika 21 pa tsiku opanda malaiti. Owotcherera zitsulo ku Kapata ankadzuka pakati pa usiku kuthamangira timaola tochepato. Pamene pamsika wa kumudzi uja masana onse magetsi analipo, ochuluka, koma wowagwiritsa ntchito panalibe. Apa ndi pamene pagona nkhani ya lipotili.

Zimene ndinapeza

Panali masola a makilowati 20, omangidwa bwino pazitsulo, oyang'ana kumpoto monga ziyenera kukhalira kuno kwathu, opendekeka madigiri pafupifupi 15. Mabatire analipo 40, a mtovu, lililonse la mavoti 12 ndi 200Ah, olumikizidwa anayianayi kuti apange mavoti 48, mizere 10. Inverter, chipangizo chosandutsa magetsi a m'mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba, inali ya mafezi atatu, ya 15 kVA. Mawaya ankafika ku magolosale, kumalo omwera mowa, kunyumba za aphunzitsi, ku kachipatala ndi m'makomo ozungulira msika.

Masamu ake ndi osavuta. Yunitsi imodzi ndi mphamvu ya kilowati imodzi yogwira ntchito ola limodzi. Kuno dzuwa limagwetsa mphamvu yokwana mayunitsi pafupifupi 5.5 pa sikweya mita iliyonse pa tsiku, ndipo pa chaka timakhala ndi maola a dzuwa oyandikira 3,000. Masola a makilowati 20, tikachotsapo zotayika m'mawaya, mu inverter ndi chifukwa cha kutentha, ayenera kutulutsa mayunitsi 80 pa tsiku lopanda mitambo. Batire lililonse limasunga mayunitsi 2.4, onse pamodzi 96. Koma batire la mtovu silifuna kulikama kupyola theka. Mukamatero tsiku ndi tsiku limakalamba msanga. Ndiye chakudya cha usiku chinali mayunitsi 48 basi.

Ndinayeza mzere uliwonse wa masola dzuwa lili paliwombo, ndipo yonse inali yamoyo. Pagalasi panali fumbi losakanikirana ndi phulusa la lupsa, loti ukadutsapo chala pamatsala mzere wakuda bii wa galasi loyera pansi pake. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mphepo imakhala ikunyamula dothi, anyamata osaka mbewa nawo atatentha tchire lonse lozungulira. Mtengo wa mango wa chakumadzulo unali utakula n'kumaphimba ngodya ya mzere womaliza kuyambira 3 koloko masana, ndipo pa sola kamthunzi kogwera panelo limodzi kamafooketsa mzere wonse. Titatsuka ndi kusadza nthambi, mphamvu inakwera ndithu. Koma izi zinali zazing'ono.

Chachikulu ndinachiona pa charge controller, chipangizo choyang'anira magetsi ochoka ku masola kulowa m'mabatire. Cha m'ma 11 koloko m'mawa inkasonyeza kuti mabatire adzaza, n'kuyamba kukana magetsi ochokera ku masola. Kuyambira pamenepo mpaka madzulo, dzuwa likuswa mtengo, masola ankangokhala. Kaundula wa mu inverter ankasonyeza kuti pa tsiku pankatuluka mayunitsi 40 okha mwa 80 aja. Theka linkapita pachabe, pamsika woti usiku anthu akuyenda ndi matochi a pafoni.

Kudzaza msangako sikunali thanzi ayi. Batire lokalamba lili ngati ndowa imene pansi pake pakhazikika matope: imasefukira msanga chifukwa malo a madzi achepa. Nditayeza limodzilimodzi, onse pamodzi ankasunga mayunitsi osapitirira 25. Ena anali otupa m'mbali, pamitu pawo patamera zoyerayera zonga ufa.

Chimene chinapha mabatire

Choyamba ndi kalipiridwe. Khomo lililonse linkapereka ndalama yofanana pa mwezi, kaya muli mababu awiri kaya muli filiji. Mita panalibe. Oika zipangizo anawerengera mababu, wailesi, TV ndi kutchaja mafoni. Koma munthu akapeza magetsi saima pa babu, ndipo pamenepa palibe womuimba mlandu. Munalowa mafiliji akale ogula kwa anthu a m'tauni, simbi zamagetsi, makoyilo otenthetsera madzi osamba. Simbi imodzi ya mawati 1,000 imadya mofanana ndi mababu 200 a mawati 5. Zonsezi zinkayatsidwa madzulo, anthu ataweruka ku dimba, dzuwa litalowa. Usiku umodzi unkafuna mayunitsi ofika 60 kwa mabatire oyenera kupereka 48. M'dzinja, mitambo ikakuta masiku angapo otsatizana, mabatirewo sankadzaza n'komwe, ndipo batire la mtovu likamakhala losadzaza, timibulu ta sulphate timauma pamapuleti ake osasungunukanso.

Kanyumba ka mabatire nako kanathandizira imfayo. Kanali ka malata pamwamba ndi m'mbali momwe, kopanda zenera chifukwa choopa akuba. Masana mkatimo munkafika madigiri 40. Batire la mtovu analipangira madigiri 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri 10 moyo wake umadulidwa pakati. Mizere 10 ija inalumikizidwanso ndi mawaya osiyana kutalika, moti yapafupi ndi inverter inkasenza katundu wambiri, n'kufa poyamba, kenako n'kumayamwa inzake.

Ndalama yogulira ena panalibe ngakhale ngwee imodzi. Palibe anawauza a komiti kuti mabatire ndi chinthu chakutha, choti tsiku limene mwachiika ndi tsiku loyamba kusungira china. Ichi ndi chimene chimandiwawa pa ntchito yathuyi. Masola amakhala zaka 25, koma anthu amapatsidwa chipangizo chonse ngati chidzakhala zaka 25, ndipo mabatire akafa iwo amati sola yawanamiza. Mudzi umodzi ukakhumudwa chotere, midzi yoyandikana nayo imakana sola isanaione.

Chigayo cha pafupi

Chapafupi ndi mpanda wa masola panali chigayo cha dizilo, chikulira kuyambira m'mamawa. Mwini wake, bambo wachikulire, ankatuma mnyamata pa njinga yamoto kukagula dizilo m'zigubu ku Chipata. Ndinawafunsa chifukwa chake sanakoke waya, magetsi ali pakhomo.

"Mwana wanga, tinayesapo," anatero. "Titangoyatsa mota, msika wonse unazima. Anthu anatsala pang'ono kundisamutsa."

Sananame. Mota ya makilowati 7.5 ikamadzuka imakoka magetsi owirikiza ka 5 mpaka ka 7 kuposa amene imadya ikamayenda. Ndi masekondi ochepa chabe, koma inverter ya 15 kVA imadzizimitsa podziteteza. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa VFD, kamene kamadzutsa mota pang'onopang'ono mpaka itafika pa liwiro lake, ndipo mtengo wake sunasiyane kwenikweni ndi wa mabatire awiri kapena atatu mwa aja anafa.

Bamboyo anali ndi nkhawa inanso. Zigayo za sola si zachilendo kuno. Kuyambira 2015 boma linagawa zigayo zotere ku makoparetivu kudzera mu Zambia Cooperative Federation, ndipo anthu anaona kuti kukachita mitambo zimaima. Iwo sankafuna kubweza azimayi ndi chimanga chawo pamutu. Tinagwirizana kuti injini ya dizilo isachotsedwe. Ikhale pomwepo, mota tiike mbali inayo, tsiku la mitambo angosamutsa lamba.

Zimene tinachita

Pamsonkhano wa komiti, anyakwawa ali pomwepo, ndinanena poyera kuti kugula masola ena panthawiyo kunali kutaya ndalama, popeza amene analipowo theka la mphamvu yawo linkasowa kolowera. Kugula mabatire ochuluka kuposa akale kukanangochedwetsa vuto lomwelo. Chofunika chinali kusamutsa ntchito zolemera kuzichotsa usiku kuzibweretsa masana, ndi kupeza ntchito zina zamasana zobweretsa ndalama.

Tinaika mamita olipiriratu pakhomo lililonse, ogulira mayunitsi pafoni. Mtengo wa yunitsi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo tinauika pa theka la mtengo wa usiku. Usiku mita imalola mababu, TV ndi kutchaja mafoni. Mukalumikiza simbi imadula khomo lanu lokha, a pafupi osakhudzidwa. Kachipatala tinakapatsa waya wakewake, woti pakavuta uzikhala womaliza kuzima, chifukwa mayi woyembekezera sasankha ola lochirira.

Sizinayende mosalala. Mayi wina wogulitsa nsomba ndi thobwa lozizira anaimirira. "Achimwene, inu mukuti filiji izigona usiku. Nanga nsomba zangazi zikaola mudzalipira ndinu?" Funso lake linali loona. Filiji yake inali yotsegula pamwamba, ya mtundu wa bokosi. Tinayala mabotolo a madzi pansi pake ndi m'mbali, n'kuikapo wotchi yamagetsi yoti iziyatsa filijiyo m'mawa ndi kuizimitsa dzuwa likamalowa. Masana madzi aja amauma gwa, usiku ndi amene amasunga kuzizira, bola chitseko chisamatsegulidwetsegulidwe. Tinachita naye pangano lakuti ayese ndi thobwa poyamba, nsomba pambuyo. Atakhutira, ndi iyeyo amene anaphunzitsa eni mafiliji enawo, ndipo anamumvera kuposa mmene akanandimverera ine.

Mabatire tinasintha, tinaika a lithium iron phosphate a mayunitsi 60. Awa amalola kuwakama 80 kapena 90 peresenti, kotero a usiku ndi mayunitsi 50, pafupifupi ofanana ndi amene akale ankapereka ali atsopano. Bungwe limene linapereka ndalama poyamba lija linavomera kuthandizanso kamodzi, komiti n'kusonkherapo. Kanyumbako tinakaboola mazenera a mauna a waya m'munsi ndi m'mwamba, n'kuika denga lachiwiri pamwamba pa malata, kusiya mpata woti mphepo izidutsa. Tinakhomanso zitsulo zina pansi ndi kuika zotetezera ku mphenzi, chifukwa m'dzinja mphenzi imodzi itha kuotcha inverter yonse.

Mabatire akale sindinalole kuti agawidwe. Ambiri ankawafuna, ena oti aziyatsira wailesi, ena oti awaswe n'kugulitsa mtovu. Ife a ku Zambia mtovu timaudziwa chifukwa cha Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akudwalabe ndi dothi lake mpaka lero. Batire likasweredwa kuseri kwa nyumba, asidi ndi mtovu zimalowa m'dothi limene ana amaseweramo ndiponso nkhuku zimatolamo chakudya. Onse 40 tinawawerenga n'kuwakweza galimoto kupita kwa ogula mabatire akale.

Pomaliza tinatsegula thumba la mabatire, lapadera, losainira anthu atatu. Pa ndalama iliyonse yolowa, gawo lake limayamba lapita m'thumbamo asanalipire china chilichonse. Mtsikana wina wa pamudzipo amene anamaliza Giredi 12 ndinamuphunzitsa kuwerenga kaundula wa inverter, kumanga mitu ya mawaya ndi kutsuka masola m'mamawa galasi lisanatenthe, ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa.

Zotsatira

Chigayo chitayamba kuyendera mota, charge controller inasiya kukana magetsi. Masana anapeza mwini. Posakhalitsa munthu wina anabweretsa makina ofinyira mafuta a mpendadzuwa, wowotcherera zitsulo wina anasamuka ku tauni n'kudzakhazika pamsikapo, ndipo gulu la azimayi a dimba linaika pampu yokweza madzi m'thanki masana, kuthirira n'kumachita madzulo popanda magetsi. Aphunzitsi awiri anagula mapoto amagetsi otseka ndi nthunzi; nyemba zimene zimatha makala ambiri zimapsa ndi magetsi osakwana yunitsi imodzi, ndipo amaphika masana pa mtengo wotsika uja. M'masika ndi m'chilimwe cha 2025 masola ankatulutsa mayunitsi oposa 70 masiku ambiri, ndipo magetsi ankachezera mpaka kucha.

Pali mwayi wina umene chigawo chathu chili nawo, umene sindiona ukutchulidwa. Miyezi imene kumwamba kumakhala koyera, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndi yomweyo imene chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa zimakhala m'nkhokwe kudikira kugayidwa, kuswedwa ndi kufinyidwa. Ndi miyezi yomweyonso imene madimba amafuna madzi. Mbewu zathu zimachoka kuno zosakonzedwa kupita ku Lusaka, mafuta ophikira n'kubwerera m'mabotolo pa mtengo wokwera, pamene mphamvu yofinyira ikugwa pamadenga athu ulere.

Dzinja ndiye linatiyesa. Mu Januwale ndi Febuluwale panali masiku amene masola sankafika ngakhale theka la mphamvu yawo. Chigayo chinabwerera ku dizilo masiku amenewo monga tinapanganira, ndipo mita zinachepetsa gawo la khomo lililonse usiku kuti kachipatala kasazime. Kasanazime ndithu.

Kumene nkhaniyi ikukhudza dziko lonse

Zimene zinachitika pamsika uja ndi zomwe dziko likulimbana nazo, kungosiyana kukula. Dzuwa sitikulisowa, ndipo mtengo wa masola unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020. Boma nalo linachotsa msonkho wa pachipata pa zipangizo zambiri za sola. Mu 2019 ku Lusaka South Multi-Facility Economic Zone kunatsegulidwa malo awiri, Bangweulu a mamegawati 54 ndi Ngonye a 34, ndipo mtengo umene anapambanira ntchito ya Bangweulu mu 2016 unali masenti 6.02 a ku America pa yunitsi, wotsika kwambiri mu Africa panthawiyo. Mu 2025 kunabwera a Chisamba a mamegawati 100. Kuno kwathu, kampani ya ENGIE inatsegula magetsi a sola a mudzi wonse ku Chitandika mu 2019. Tsidya la malire, ku Malawi, malo a Golomoti a mamegawati 20 anamangidwa pamodzi ndi mabatire.

Pa funso la usiku, dziko lili nalo yankho limene mudzi ulibe. Madzi a m'nyanja ya Kariba ndi a ku Itezhi-Tezhi ndi mphamvu yosungidwa kale. Yunitsi iliyonse imene sola yapereka masana ndi madzi amene sanatsike m'makina, otsalira madzulo ndi chaka cha chilala. N'chifukwa chake ine sindimva bwino anthu akamakangana zoti tisankhe pakati pa madamu ndi sola. Madamu okha anatigwetsa mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024. Ku Malawi madzi omwewo, atachuluka, anawononga Kapichira mu Januwale 2022 pa namondwe wa Ana. Sola yokha nayo siidutsa usiku popanda posungira. Mayiko ena anapeza zowonjezera zawo, monga Kenya ndi nthunzi ya pansi pa nthaka ku Olkaria ndi mphepo ya ku Lake Turkana ya mamegawati 310. Ife a Kum'mawa mitsinje yathu yambiri imaphwa m'chilimwe, ndipo magetsi a dziko amatipeza atayenda ulendo wautali pa mawaya a 330 kV ochokera ku Pensulo. Chimene tili nacho pafupi ndi dzuwa ndi mbewu zofuna kukonzedwa. Aliyense wofuna kuika sola ya mudzi m'chigawo chino ndimamuuza kuti asanawerenge mababu ayambe wapeza chigayo, pampu ndi makina ofinyira mafuta, akambirane ndi eni ake, chifukwa ndi amenewo adzalipire mabatire a mawa.

Zotsala

Masola ena a makilowati 5 tsopano akufunika, chifukwa ntchito zamasana zakula ndipo masiku a mitambo mabatire akuchedwa kudzaza. Malo alipo kum'mawa kwa mizere yakale, ndipo charge controller ina yaing'ono idzakwanira. Mtsikana wosamalira uja ali yekha. Akadwala kapena kukwatiwa kutali pamalopo patsala popanda wodziwa, choncho komiti isankhe wachiwiri woti ndimuphunzitse mvula isanagwe. Mapolo ndi mawaya a pamsikapo ndinawayendera kuti agwirizane ndi malamulo a bungwe loyang'anira za magetsi la Energy Regulation Board, kuti tsiku limene bungwe lofikitsa magetsi kumidzi la Rural Electrification Authority lidzafikitse mawaya a dziko kuderalo, ntchito idzakhale yongolumikiza, osati kuzula zonse.

Chovuta kwenikweni ndi thumba la mabatire. Likutsalira m'mbuyo, ndipo chifukwa chake ndi Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Ndi miyezi ya njala. Ndalama zonse zapita ku feteleza ndi ku sukulu, chigayo chilibe chogaya chambiri, anthu amagula timayunitsi tongokwanira babu limodzi. Ndinapereka maganizo oti mu Juni ndi Julayi, anthu akagulitsa soya ndi chimanga ku bungwe la boma logula mbewu la FRA kapena kwa mavenda, komiti izigulitsa mayunitsi a m'dzinja pasadakhale pa mtengo wotsikirapo, ndalamazo n'kulowa m'thumba nthawi yomweyo. Eni magolosale ndi a chigayo avomera. Makomo ambiri akukayika, chifukwa anaonapo kale ndalama za gulu zikulowa m'thumba losatulukanso, ndipo apempha kuti mabuku a komiti aziwerengedwa poyera pamaso pa anyakwawa mwezi uliwonse asanapereke kalikonse. Komiti idakakambirana za pempho limeneli.